Maliro a Mayi Ake a Bwampini

Padangokhala, padangotero, kale lomwe nyama zikadali kulima ndi makasu ndi kuikana m'manda ngati anthu, kunabuka nkhondo ya misulu. Misulu inkabwera chigulu nkumalowa una uliwonse, moti abwampini ndi mifuko anaona kuti akakhala atha psiti. Anamanga akatundu nathawira limodzi, osati chifukwa chokondana ayi, koma chifukwa chowathamangitsa chinali chimodzi.

Panjira anagawana ntchito. Misulu ikayandikira, mifuko inkaboola pansi, gulu lonse nkubisala. Abwampini ankanyamula mtedza ndi chimanga m'masaya mwawo, akafika popumira nkulavula kuti aliyense adye. Anali kamba wapaulendo wonyowa ndi malovu, koma palibe anakana.

Panjira pomwepo ena ankamwalira. Tsono mwambo ndi woti m'bale sakumba manda a m'bale wake, ngakhale kunyamula mtembo wake. Wochita zimenezo amamuyesa mfiti yofulumira kukwirira zimene yachita. Ndiye anapangana kuti bwampini akafa okumba ndi mifuko, mfuko akafa okumba ndi abwampini. Anakhala adzukulu a pamaliro wina kwa mnzake. Ndipo mdzukulu wa pamaliro ali ndi ufulu wake: amatukwana anamfedwa, amawalanda chakudya m'manja, amaseka wakufayo ndi amoyo omwe, koma palibe womuimba mlandu, pakuti misozi imauma mwa njira imeneyo.

M'gulumo munali Bwampini wina wochenjera pakamwa, wokonda kuyenda patsogolo njira ikakhala yabwino. Tsiku lowoloka mtsinje, iye atangoona madzi anayamba kulira kuitana mayi ake, chonsecho ali munthu wa ndevu zake. Anamubereka kumsana ndi Mfuko, mkulu wa mifuko, amene maso ake saona ngakhale mphuno yake yomwe. Ali pakati pa madzi, Mfuko anamva kumsana kukufunda pomwe mtsinje unali wozizira. Anangopeka nyimbo.

Inali nyimbo yokumbira manda. Wotsogolera ankafunsa kuti analira pamtsinje ndani, anaberekedwa ndi wakhungu ndani, anafunditsa msana wa mnzake ndani. Pa funso lililonse gulu linkavomera ndi dzina la Bwampini, makasu onse nkugwera pansi pa dzinalo. Amene ankaikonda koposa nyimboyo anali mayi ake omubala, a Nakwenda. Iwo ikangoyamba ankaiwala kuti ali pamaliro, nkumavomera mokweza kuposa okumbawo, misozi ya kuseka ili mbwee.

Anayenda, anayenda, mpaka anafika m'dziko la anungu. Amfumu a kumeneko anali mayi ofatsa, okonda tulo ndi kutamandidwa. Anawalandira alendowo, nawapatsa minda, pomanga, ndi malo awo a manda. Anunguwo adzukulu awo anali njiri kuyambira kale, koma ataona mmene mifuko imawongolera dzenje, njiri anangozisiya osatsanzika nkomwe. Kuyambira pamenepo maliro onse a m'dzikomo ankakumba ndi mifuko.

Bwampini sanakhutire ndi kukhala wobwera. Anayang'anayang'ana, naona kuti amfumu ali ndi vuto limene anthu awo sangathe kuwathandiza: msana unkawayabwa pakati pa minga, ndipo nungu mnzawo akayandikira kuti awakande ankabayana. Bwampini ali ndi timanja towonda. Anayamba kuwakanda m'mawa ndi madzulo, kwinaku akuwanong'oneza za amene wanena chakuti, za amene sanawombe m'manja bwino. Amfumu ankangotsinzina nkumati, “Pamenepo, mwanawe, tsikira pang'ono.” Mvula isanagwe kawiri, Bwampini anali nduna.

Unduna nawo sunamukwanire. Anayamba kutola minga imene anungu ankayoyola, nkuimata kumsana kwake ndi ulimbo. Kenaka anauza amfumu kuti agogo a agogo ake anali nungu weniweni, kungoti anadwala nthenda yothothola minga, anzawo nkuwataya kutali. Anaifotokoza nkhaniyo akulira, amfumu nawonso nkulira. Mawa lake analengeza pabwalo kuti abwampini si alendo ayi, ndi magazi amodzi ndi anungu, eni dziko anzawo. Abwampini anayang'anana, koma popeza eni dziko salipira mphatso ya masika kwa amfumu, onse anawomba m'manja.

Chinatsala ndi nyimbo ija.

Kutagwa maliro a nungu wina wamkulu, Bwampini anakhala pambali pa amfumu, minga ili nyang'a. Mfuko anatuluka m'dzenje thupi lonse dothi lokhalokha, nanunkhiza uku ndi uku mpaka kumupeza.

“Uyu si mwana wanga wa kumsana uyu? Wamera minga liti, mwanawe?”

“Lankhulani bwino, a Mfuko. Pano pali amfumu.”

“Amfumu, musamamukhazike pafupi mwanayu mukamawoloka madzi. Ine msana wanga mpaka lero agalu amanditsata.”

Anatero uku akumuzula munga umodzi, ulimbo uli ndandanda, nayamba kutokosera m'mano. Mifuko m'dzenje muja inaiyamba nyimbo. Bwalo lonse linagwa ndi phwete, amfumu omwe anaseka mpaka minga kuchita wayawaya. Bwampini anasekerera nawo ndi mano okha.

Atafika kunyumba anadandaulira mayi ake kuti mifuko ikumuchotsa ulemu pamaso pa anthu. A Nakwenda ananunkha fodya wawo, nayetsemula, nangoti, “Nanga akunama? Ine ndinali pambuyo panu, ndinaona.”

Pamenepo Bwampini anamanga mfundo mumtima kuti mifuko ichoke.

Amfumu anali ndi munda wa mbatata umene ankaukonda ngati mwana. Bwampini anayamba kufukula mbatatazo nkumakabisa, ndipo pochoka ankaunjika timilu ta dothi apa ndi apo, tofanana ndi tija imasiya mifuko. Anachita kamodzi, amfumu anati ndi tsoka. Anachita kawiri, amfumu anasowa tulo. Atachita kachitatu anawatenga amfumu dzanja kukawaonetsa timiluto, iye akupukusa mutu, nkumati zikumuwawa kwambiri popeza anthuwa anayenda nawo ulendo umodzi, koma nduna siibisira mfumu yake.

Mlandu unali waufupi. Mfuko anakana, koma atamufunsa ngati anaona wakubayo, anati iye saona. Anthu anaseka. Mfuko anatembenukira kumene kunakhala abwampini, nafunsa ngati palibe mmodzi woti anene kuti mifuko si anthu akuba. Abwampini anali atamva kale kuti mifuko ikachoka, ogawana minda yake ndi iwo. Anangoti zii, aliyense akutokosa pansi. Mlongo wake wa Bwampini, dzina lake Mwatitha, anayamba kudzuka, koma atakumbukira dimba la Mfuko lija la m'mbali mwa lake, anangokonza nsalu nkukhalanso. A Nakwenda tsikulo anagona ndi chifuwa, nkhaniyo anaimva itatha.

Amfumu anagamula kuti mifuko ichoke m'dzikomo. Mifuko inasenza makasu ake. Potuluka m'mudzi inaimba nyimbo ija, koma mwapang'onopang'ono ngati ya chisoni, ndipo pamalo pamene pamagwera makasu inkaponda pansi ndi mapazi. Bwampini analowa m'nyumba nkudzifunditsa mphasa mpaka nyimboyo inazilala.

Anadya unduna wake bwino ndithu. Minga anaonjezera, kuyenda anasintha. Koma chifuwa cha a Nakwenda sichinapole, ndipo chilimwe chitafika pachimake, dzuwa likuswa mtengo, anatsikira kuli chete.

Bwampini anapita kukagwada kwa amfumu kuti kwagwa zovuta. Amfumu analira kwambiri, nati amayi athu atisiya. Anasonkhanitsa anungu onse, nakakhala pasiwa pamodzi ndi abwampini, nkuyamba kubuma. Analira, analira, mpaka mawu kusasa. Kenaka amfumu anapukuta m'maso nafunsa kuti kodi okumba apita kale kumanda?

Anthu anayang'anana, pakuti okumba ndi aja anawathamangitsa.

Bwampini anakhosomola. Anasendera pafupi, nanong'oneza kuti anungu nawo ali ndi zikhadabo zabwino, mwina anyamata angapo angathandizeko lero lokha.

“Ife?” anatero amfumu. “A Nduna, mwaiwala kuti ndife magazi amodzi? Awa ndi mayi athu. Mukufuna anthu atinene kuti tinawalodza ndife?”

“Chibale chake ndi chakutalitu, mfumu. Agogo a agogo.”

“Mmene munkandifotokozera muja chinali chapafupi. Ndinalira nanu ine. Kapezeni okumba, dzuwali mukuliona nokha.”

Bwampini anayang'ana minga yake ya kumsana, nalakalaka ikadakhala ya wina.

Anathamangira kwa Njiri. Anamupeza atagwada, akufukula mizu. Asanamalize ndi moni womwe, Njiri anati za maliro wamva kale, ndipo amene anamutaya ngati chitsononkho atapeza okumba atsopano asayerekeze kumutchula dzina.

Bwampini anaseka. Anati za maliro zatheka kale, okumba achita kuchuluka mpaka ena awabweza. Iye wangodzera kudzamutsina khutu mnzake kuti wapeza chilazi chachikulu, chachitali ngati munthu atagona, koma iye timanja take sitingathe. Akakumba agawana pakati. Njiri atamva za chilazi malovu anadza, nanyamuka.

Manda a abwampini Njiri sankawadziwa, popeza kumeneko okumba inali mifuko yokha. Bwampini analemba pansi ndi kamtengo, mulitali ndi mulifupi, nati akumbe motsata mzerewo.

“Chilazi chanji chofuna makona?” anafunsa Njiri.

“Kuti musachiteme, achimwene. Chikatemeka chimawawa.”

Njiri anakumba. Anafika m'mawondo, chilazi osaoneka. Bwampini anati chili pansi. Anafika m'chiuno, Bwampini anati akumva kale fungo lake. Koma Njiri ndi dyera lake anapatukira kumbali, mano ake nkukola chinthu. Atakoka, anatulutsa chidutswa cha mphasa yofumbwa, ija amakulungira akufa. Anachiyang'ana, nayang'ana Bwampini, nayang'ananso timitumbira timene ankatiyesa zulu za chiswe.

Sanamumenye. Anatembenuka nkukankhira dothi lonse m'dzenjemo ndi miyendo ya kumbuyo, napondaponda mpaka pansi kulimba kuposa kale. Atatero anapita pasiwa mchira uli njo, nafotokoza zonse pamaso pa anamfedwa, makona a chilazi omwe. Amayi ena anabisa nkhope m'nsalu. Sizinadziwike ngati akulira.

Mbiri inamupeza Fisi, nabwera yekha osaitanidwa. Anati iye za chidzukulu sasankha mtundu: akumba, anyamula, akwirira, ndipo akhalanso akulondera mandawo kuti pasafike chilombo. Polankhula ankapukuta kukamwa. Bwampini, poona ntchentche zitayamba kuzungulira pakhomo la siwa, anamutengera pambali nayamba kumufunsa kuti angayambe nthawi yanji. Mwatitha anawaona. Anasolola chikuni cha moto nkumuthamangitsa Fisi mpaka kunja kwa mudzi. Pobwerera anadutsa pafupi ndi mchimwene wake osamuyang'ana.

Kunja kutachanso, fungo linayamba kutuluka m'nyumba. Okhuza maliro anasendera kumphepo, ena anayamba kukumbukira kuti anasiya ana okha. Amfumu ankadzikupiza ndi tsamba.

Bwampini anaimirira nalengeza kuti mwayi wapezeka. Pali mlendo wina wapaulendo amene wavomera kukumba, kungoti ndi wamanyazi kwambiri, safuna kuonedwa. Aliyense asayandikire kumanda mpaka atamaliza. Atatero anazemba ngati akupita kuthengo. Kuseri anazula minga yonse, ubweya kuthothoka nawo, nadzipaka matope akuda kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nadzimangirira masamba a nthochi. Anatenga khasu nalowa kumanda.

Anagwetsa khasu, khasu linadumpha. Anagwetsanso, linamuthawa m'manja. Pansi paja Njiri anapondapo panali gwa. Iye maliro a mifuko ankazemba kukumba, ankangoima pamwamba nkumaloza, ndiye manja ake sankadziwa kuti khasu la kumanda limayenda ndi nyimbo. Thukuta linakokolola matope kumaso. Kenaka, osadziwa kuti zayamba bwanji, anamva pakamwa pake pakung'ung'udza. Khasu linalowa. Anang'ung'udzanso, linalowanso. Nyimbo yokumbira ankadziwa imodzi yokha basi. Anayamba kudzifunsa yekha kuti analira pamtsinje ndani, nkudziyankha yekha ndi dzina lake, khasu nkugwera pa dzinalo. Ntchito itakoma, mawu anakwera osazindikira.

Amayi ena anali atapita kukatola nkhuni za pamaliro, Mwatitha ali nawo. Atamva nyimboyo anaponya mitolo pansi, nati mifuko yabwera, nathamangira komweko akululutira. Anapeza chinthu chakuda chili m'dzenje mpaka m'mimba, chikudzitchula dzina.

Bwampini anakhuthalitsa mawu, nati iye ndi mlendo, amayiwo achoke, akumuchititsa manyazi.

Mwatitha anamuyang'ana nthawi yaitali.

“Achimwene,” anatero chapansipansi, “mchira.”

Nsonga yoyera ya mchira wake inali pamwamba pa dzenje, yopanda ndi dontho lomwe la matope.

Amayi aja anatembenuka mmodzimmodzi nkumupatsa msana, monga achitira akakumana ndi munthu wamkulu ali maliseche. Wina ananong'ona kuti mwana wokumba manda a mayi ake tinkangomva. Wina anati nanga chifuwa chija chinali chifuwadi?

Mwatitha anamulanda khasu. “Amayi akuwola m'nyumba, inu muli pano kuvina ndi masamba. Pitani kwa Mfuko.”

“Ndikanene chiyani?”

“Pakamwa mwakhala napo moyo wonse. Kasambeni, muzipita.”

Anasamba. Koma poti mtima wa Bwampini ndi wa Bwampini, anatolanso minga ija nkuimata, kuti akafike ngati nduna.

Mifuko sinapite kutali kwambiri. Inakafika kumene kunkakhala nkhwali ndi ntchenzi, anthu amene nthaka yawo inali youma, mbewu zikukanika. Mifuko itaifukula nthakayo, chimanga chinabereka mpaka nkhokwe kuchepa. Eni ake anakhala pansi nagwirizana kuti wowadyetsa ndiye awalamulire. Tsono Mfuko, uja anathamangitsidwa ngati wakuba, anali mfumu, nduna yake Nkhwali.

Bwampini anafika akufuna kulowa molunjika, koma Nkhwali anamuimitsa. Anati kuno mlendo amakhala pansi, amawomba m'manja, nkudikira. Bwampini anati iye ndi nduna ya anungu. Nkhwali anati ndiye mwambo akuudziwa bwino. Bwampini anakhala padzuwa, ulimbo ukusungunuka, minga ikupendekeka umodziumodzi, ana a ntchenzi atamuzungulira nkumafunsana kuti kodi chimenechi ndi chiyani.

Atamulowetsa, Bwampini anayamba ndi nkhani yokoma. Anati wabwera ndi uthenga wachimwemwe: wakuba mbatata uja wapezeka, ndi Njiri, ndipo amfumu a anungu akuitana mifuko kuti ibwerere ndi ulemu, lero lomwe, ndipo popita isaiwale makasu popeza minda yamera thengo.

Mfuko anakweza mphuno, nanunkhiza.

“A Nduna, mukununkha utsi wa pasiwa. Wamwalira ndani?”

Ulendo uno Bwampini sanapeke china. Anayang'ana pansi.

“Amayi.”

Mfuko anati a Nakwenda anamudyetsa mtedza wa m'masaya mwawo tsiku limene iye anakomoka ndi njala panjira, ndipo munthu wotero sangadyedwe ndi ntchentche mifuko ili moyo. Anauza Nkhwali kuti aitane anyamata ndi makasu. Za mbatata sanafunse. Za Njiri sanafunse. Bwampini anadikira kuti mwina amutukwana, mwina amuzula munga, mwina amutcha mwana wa kumsana. Mfuko anangoti, “Tsogolani, a Nduna, mutionetse njira.”

Atafika, amfumu a anungu sanakumbutse za chigamulo chija. Anali atatopa ndi kudzikupiza. Mifuko inagwada kwa anamfedwa mwaulemu wonse, nipepesa ngati alendo odutsa. Inapita kumanda, nikwirira kaye kadzenje kokhota ka Bwampini, nkuyamba pena. Inakumba osalankhula. Kunkangomveka makasu, lina apa lina apo, osagwera pamodzi. Inakulunga mtembo, ninyamula, anthu akutsata pambuyo. Palibe analandidwa chakudya, palibe anatukwanidwa. Anthu ankayenda ngati akupita kumlandu, ndipo misozi inkangotsika osapeza woiumitsa.

Atatsitsira mtembo m'manda, Mwatitha anakagwada pamapazi a Mfuko.

“A Mfuko, amayi ankaikonda nyimbo ija. Apite chete chonchi ngati munthu wopanda anthu? Imbaniko kamodzi kokha. Titukwaneni, ndife anu.”

“Mayi, nyimbo ija timaimbira anzathu a paulendo,” anatero Mfuko mofatsa. “Inu ndinu eni dziko, abale a amfumu. Ife obwera tingatukwane bwanji nduna ya eni dziko? Ungakhale mlandu wina.”

Maso onse anatembenukira kwa Bwampini. Iye anayang'ana amfumu, nayang'ana anungu, nayang'ana mphasa imene munali mayi ake pansi pa dzenje. Anapisa dzanja kumsana nayamba kuzula minga ija pamaso pa onse, umodziumodzi, nkumaiponya pansi. Atatha anaima pamphepete pa manda, msana uli zigambazigamba, naiyamba yekha nyimbo. Anafunsa kuti analira pamtsinje ndani.

Anadikira.

Mifuko inaima itatsamira makasu, mitu ili pansi. Anungu sankadziwa ngati nkoyenera kuvomera. Abwampini, amene anakhala chete tsiku la mlandu, anachita manyazi, osavomera.

Anafunsa funso lachiwiri, la woberekedwa ndi wakhungu. Kunali zii. Lachitatu analiyamba, koma linathera pakati.

Mfuko anakodola anyamata ake, nayamba kukwirira. Anaumba mtumbira wosalala bwino, nasamba m'manja. Chakudya cha adzukulu chinali chitaphikidwa, mowa uli pambali, koma anathokoza nati kwawo nkutali. Anatsanzika amfumu, anatsanzika Mwatitha, nawerama pang'ono kwa Bwampini nati, “Tsalani bwino, a Nduna.”

Tsiku lometa litapita, Mwatitha anayamba kumanga akatundu. Bwampini anamufunsa kuti akupita kuti, minda yonseyi aisiyira yani. Iye anati ali ndi ana, ndipo anawo tsiku lina adzafuna wowakumbira. Kuli bwino akakhale wobwera kwa Mfuko, azikapereka mphatso ya masika ndi kuwomba m'manja kwa Nkhwali, kusiyana ndi kukhala mwini dziko wowolera m'nyumba. Mabanja ena atamuona anamanganso awo. Anapita atanyamula mbewu zimene anakolola m'minda ya mifuko, kuti akayambire kupepesa. Palibe anamuuza Bwampini kuti tiyeni.

Anungu nawo anayamba kuwerenga nkhalamba zawo, mantha nkuwagwira. Amfumu anatumiza mitanga ya mbatata kwa Mfuko, kupempha kuti chidzukulu chibwerere, ndipo amene kale ankagawa malo tsopano ndiwo ankadikira padzuwa pakhomo la Nkhwali. Bwampini atabwera m'mawa kuti awakande, amfumu anamuuza kuti apeza kamtengo kokhota kamene kakufika paliponse. Anamufunsanso, mosakalipa, kuti popeza nduna imayang'anira anthu, iye tsopano akuyang'anira yani. Za agogo othothoka minga aja sanazitchule, ndipo zimenezo zinamuwawa kuposa akadazitchula.

Bwampini anatuluka m'mudzimo. Njira ya kwa Mfuko ankaidziwa, ndipo anaiyamba ndithu, koma atamva patali ana a mlongo wake akusewera ndi ana a ntchenzi, manyazi anamugwira, naima. Kubwerera kwa anungu nakonso kunakanika. Anapatuka pakati pa midzi iwiriyo, nakhala pansi, nayamba kuganiza za tsiku lake lomwalira: adzanyamula ndani, adzakumba ndani. Anawerenga onse amene ankawadziwa, osapeza ndi mmodzi yemwe.

Ndiye anayamba kukumba yekha. Anakumba mozama, nakonza kachipinda kumapeto, nalowa, nkukankhira dothi pakhomo kuchokera mkati mpaka kuwala kutsekeka.

Mpaka lero mukapeza una wa bwampini, mudzaona kuti amakhalamo yekha, ndipo khomo amatseka ndi dothi iye ali mkati. Anthu amati amaopa njoka. Si njoka ayi. Amagona atadzikwirira kale, kuti imfa ikamupeza m'tulo, pasadzakhale wopita kukagwada kwa Mfuko chifukwa cha iye.

Yanga yathera pomwepa. Amene anaika mbatata pamoto akaione, ine ndanunkhiza kupserera.